Logo ya bungwe pa mapu osindikiza: ikhale pati, ndipo ikhazikike bwanji?

Makalata ambiri amene atipeza mwezi uno akukhudza kachinthu kakang'ono kamene kamasowetsa mtendere anthu okonza mapu m'maofesi, komwe ndi logo ya bungwe pa pepala la mapu. Pafupifupi onse amene alemba akugwiritsa ntchito QGIS, pulogalamu yaulere yokonzera mapu imene Gary Sherman anaiyamba mu 2002, choncho mayankhowa atsata pulogalamu imeneyo, makamaka kuyambira QGIS 3 yomwe inatuluka mu 2018. Mayina a mabatani alembedwa monga mmene amaonekera pa kompyuta.

A Mkonzi, ine ndimakonza mapu a mijigo ndi zitsime ku bungwe lina m'boma la Dedza. Ndikaika logo yathu pangodya ya kumanja kumtunda kwa pepala la A4 imaoneka ngati yakhala bwino, koma ndikasindikiza ndimapeza kuti sinafanane ndi m'mphepete mwa mapu, yalowa mkati. Komanso abwana akafuna mapu omwewo pa A3, logoyo imatsalira pakati ngati yasochera. Kodi pali njira yoti izikhala pamalo pake nthawi zonse? Bambo wa ku Dedza

Bambo, mavuto mwatchulawa ndi awiri koma gwero lake ndi limodzi, lomwe ndi kuika logo ndi maso pokoka ndi mausi m'malo moiika ndi manambala. Maso amanama pa kompyuta, chifukwa pepala lonse la A4 likamaoneka pa sikirini ya laputopu, kusiyana kwa mamilimita 2 kapena 3 sikuoneka konse, koma pa pepala losindikizidwa munthu aliyense amakuona msanga.

Choyamba chofunika kumvetsa ndi chakuti mukadina Add Picture n'kujambula pa pepala, chimene mwajambulacho si logo ayi, koma ndi bokosi, ndipo logo imakhala mkati mwa bokosilo. Chimene mumakoka ndi mausi, ndiponso chimene manambala onse amayeza, ndi bokosilo. Ngati bokosi lili ndi mamilimita 50 m'lifupi pamene logo ikungodzaza mamilimita 30, ndiye kuti pali mamilimita 20 opanda kanthu, ndipo poti QGIS imayamba yakankhira chithunzi kumanzere kumtunda kwa bokosi, mpata wonsewo umatsala kumanja, komwe inu mukufuna kuti logo igunde mzere. Kuti muone ngati vuto lanu ndi limeneli, pitani pa Item Properties ndipo muchonge Frame kwa kanthawi kuti mzere wa bokosi uonekere.

Kukonza kwake kuli pa gawo la Size and Placement. Pamenepo pali Resize mode, yomwe ili ndi njira zisanu, koma kwa munthu woika logo zofunika ndi ziwiri zokha. Zoom imakulitsa kapena kuchepetsa chithunzi kuti chikwane m'bokosi popanda kuchipotoza, ndipo mukaisankha muyenera kusinthanso Placement kuti ikhale Top Right ngati logo ikukhala kumanja kumtunda. Zoom and resize frame imachita chimodzimodzi koma imafinyanso bokosi kuti lifanane ndendende ndi chithunzi, ndipo imeneyi ndi imene ine ndimalimbikitsa, chifukwa bokosi likafanana ndi logo, manambala amene mukulemba amanena zoona za logoyo. Stretch muipewe. Imakoka chithunzi kuti chidzaze bokosi mulimonse mmene lilili, motero logo yozungulira imasanduka yobulungira ngati dzira, zomwe eni ake a logo sakondwera nazo. Clip imadula mbali imene yasefukira, pamene Resize frame to image size imatenga kukula kwa fayilo yeniyeniyo, zimene zimatha kubweretsa logo yaikulu kuposa mmene mumafunira.

Mukachita zonsezi mpata n'kukhalapobe, ndiye kuti uli m'fayilo momwemo. Malogo ambiri amene amazungulira m'maofesi anadulidwa kuchokera pamutu wa kalata kapena pa lipoti, ndipo anabwera ndi malire oyera m'mbali mwake. QGIS siingadziwe kuti zoyerazo si mbali ya logo. Tsegulani fayiloyo mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi yomwenso ndi yaulere, ndipo pa Image musankhe Crop to Content, kenako musunge fayilo yatsopano.

Tsopano tibwere pa manambala. Pa gawo la Position and Size pali X, Y, Width ndi Height, ndipo m'munsi mwake muli timabokosi 9 totchedwa Reference point. Kuyeza kumayambira pangodya ya kumanzere kumtunda kwa pepala, X ikukula popita kumanja ndipo Y ikukula potsika m'munsi. Apa anthu ozolowera manambala a GPS amasokonezeka, poti pa mapu Y amakula popita kumpoto, koma pa pepala zili mosemphana. Timabokosi 9 tija timanena kuti ndi malo ati a logo amene akuyezedwa. Pepala la A4 logoneka lili ndi mamilimita 297 m'lifupi ndi 210 kuchokera pamwamba kufika pansi. Tiyerekeze kuti mwasiya mamilimita 10 m'mphepete monse, ndipo logo yanu ndi ya mamilimita 30 m'lifupi. Mukasiya kabokosi ka kumanzere kumtunda kali kochongedwa, muyenera kuwerengera nokha kuti 297 kuchotsa 10 kuchotsanso 30 ndi 257, ndipo tsiku limene mudzakulitse logo kufika pa 35 mudzayenera kuwerengeranso. Koma mukachonga kabokosi ka kumanja kumtunda, mumangolemba X 287 ndi Y 10 basi, ndipo logo ikamakula kudzera m'manambala a Width ndi Height imakulira kumanzere ndi kumunsi, ngodya yake ili pomwepo. Ngati mukuifuna kumanja kumunsi, chongani kabokosi ka ngodya imeneyo n'kulemba X 287 ndi Y 200. Muyambe mwachonga kabokosi musanalembe manambala, chifukwa kuchongako sikusuntha logo, kumangosintha manambala amene akuoneka.

Musaiwale kuti bokosi la mapu enieniwo nalonso liyenera kuthera pa 287. Mmisiri womanga nyumba saika njerwa ndi maso, amakoka chingwe kuti zonse zitsate mzere umodzi, ndipo mu QGIS chingwecho mumachipeza pokoka kuchokera pa rula ya pamwamba kapena ya m'mbali, kapena polemba manambala ake pa Guides. Mizere imeneyi siituluka posindikiza, ndipo Snap to Guides ikakhala yoyatsidwa, mutu wa mapu, kiyi, sikelo ndi logo zonse zimamata pa mzerewo zikangoyandikira. Posuntha pang'ono gwiritsani ntchito mabatani a mivi pa kiyibodi, omwe amasuntha chinthu milimita imodzi mukadina kamodzi, kapena mamilimita 10 mukagwira Shift.

Vuto lanu lachiwiri, la A3, limabwera chifukwa chakuti 287 ndi nambala youma imene siidziwa kuti pepala lasintha. Pepala la A3 logoneka lili ndi mamilimita 420 m'lifupi, choncho logo imene ili pa 287 imatsala mamilimita 133 kutali ndi m'mphepete. Mutha kungolemba 410 m'malo mwake, koma pali njira yokhalitsa. Pambali pa X pali kabatani ka Data defined override, ndipo mukasankha Edit mutha kulemba kuti @layout_pagewidth - 10, zomwe zikuuza pulogalamu kuti itenge m'lifupi mwa pepala lililonse n'kuchotsapo 10. Kwa logo ya kumunsi mumalemba @layout_pageheight - 10 pa Y. Mukatero logo imatsata ngodya yake pa A4, pa A3, ngakhale pa A0. Komabe kunena zoona, logo si yokhayo imene imasochera pepala likasintha, poti mapu, kiyi ndi mutu nazonso zimatsala pamalo akale. Ngati ofesi yanu imagwiritsa ntchito mapepala a mitundu iwiri yokha, n'kosavuta kukonza mapepala awiri osiyana, lina la A4 ndi lina la A3, n'kusunga lililonse ndi Save as Template kuti anzanu onse aziyambira pamenepo. Mukamaliza, pitani pa mndandanda wa Items n'kuchonga kaloko pambali pa logo kuti wina asadzaikoke mwangozi.

Zikomo a Mkonzi. Ndinakonza mapu a midzi imene inakhudzidwa ndi madzi osefukira, ndinaika logo bwinobwino, n'kutumiza pulojekiti kwa mnzanga pa imelo. Iye atatsegula anapeza mtanda wofiira pamalo pa logo. Kwa ine zonse zikuoneka bwino. Chalakwika n'chiyani? Mayi wa ku Chikwawa

Mayi, palibe chimene chawonongeka. Mtanda wofiirawo ndi njira imene QGIS imanenera kuti yafunafuna fayilo ya chithunzi koma sinaipeze. Mukasankha logo kuchokera mu foda, pulogalamu siitenga chithunzicho n'kuchiika mu pulojekiti, imangolemba njira yokafika kumene fayilo ili, mwachitsanzo mu Downloads pa kompyuta yanu kapena pa flashi. Mnzanuyo walandira njirayo koma fayilo alibe.

Njira zothetsera ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusunga logo mu foda imodzi ndi pulojekiti, kuonetsetsa kuti pa Project Properties, pansi pa General, Save paths ili pa Relative, ndiyeno kutumiza foda yonse osati fayilo ya pulojekiti yokha. Yachiwiri ndi kulowetsa logo mkati mwa pulojekiti momwemo. Kumapeto kwa malo amene pamalembedwa njira ya chithunzi kuli kamuvi koloza pansi, ndipo mukakadina mupeza Embed File. Mukasankha logo kudzera pamenepo, QGIS imasandutsa chithunzicho kukhala zilembo ndi manambala otchedwa base64 n'kuzisunga mu fayilo ya pulojekiti, motero kulikonse kumene pulojekiti yapita, logo imapita nayo. Mukasunga pepalalo ngati template, logo imalowanso mmenemo, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ndimalangizira maofesi okhala ndi anthu ambiri kuti atsate njira yachiwiriyi.

Pali zinthu ziwiri zoti muzidziwe musanatero. Base64 imakulitsa fayilo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa mabayiti atatu aliwonse amalembedwa ndi zilembo zinayi. Kwa logo ya 60 KB zimenezi si kanthu, koma munthu akalowetsa chithunzi cha 6 MB m'mapepala khumi a pulojekiti imodzi, pulojekitiyo imalemera, imachedwa kutsegula, ndipo kuitumiza pa bandulo ya pafoni kumawawa. Yambani mwachepetsa logo isanalowe. Chinthu chachiwiri n'chakuti logo yolowetsedwa siilumikizananso ndi fayilo yoyamba ija, choncho bungwe likadzasintha logo, muyenera kuilowetsanso pa pepala lililonse, pamene njira ya foda ija mukanangosintha fayilo imodzi n'kusiya dzina lomwelo.

Zindikiraninso kuti kulowetsa logo sikulowetsa deta ya mapu. Ngati mafayilo a midzi ndi mitsinje ali pa kompyuta yanu yokha, mnzanuyo aona logo koma mapu osaoneka. Ndipo ngati iye akungofuna kuona kapena kusindikiza, osati kusintha, musamutumizire pulojekiti n'komwe. Dinani Export as PDF n'kumutumizira PDF, yomwe imanyamula zonse mkati mwake. Kwa amene akadali pa ArcMap, pulogalamu ina yokonzera mapu, chofanana ndi Embed File ndi kuchonga Save Picture as Part of Document pa Properties ya chithunzicho.

A Mkonzi, logo yathu imatuluka yosaoneka bwino, zilembo zake zili mbuu, komanso imabwera ndi bokosi loyera limene limaphimba mtundu wa pansi pake. Ndinaipeza pa gulu la WhatsApp la ku ofesi. Wophunzira ntchito, Mzuzu

Achimwene, yankho mwalitchula nokha kumapeto kwa kalata yanu. WhatsApp imachepetsa ndi kufinya zithunzi zimene zatumizidwa ngati zithunzi wamba, choncho logo imene yadutsa m'mafoni angapo imafika itataya kale ubwino wake. Pemphani amene amasunga logo yeniyeni kuti akutumizireni pa imelo kapena ngati Document.

Kuti mudziwe ngati fayilo ikukwanira, pali masamu osavuta. QGIS imatulutsa mapepala pa 300 dpi ngati simunasinthe, kutanthauza timadontho 300 pa inchi imodzi, ndipo inchi ndi mamilimita 25.4. Logo ya mamilimita 30 m'lifupi imafuna mapikiselo pafupifupi 354, ya mamilimita 60 imafuna 709, ndipo ya mamilimita 100 pa mapu aakulu opachika pakhoma imafuna 1,181. Logo yotengedwa pa webusayiti kawirikawiri imakhala yaing'ono kuposa pamenepa, ndipo kukweza dpi potulutsa PDF sikungabwezeretse zimene mulibe m'fayilo.

Bokosi loyera limabwera chifukwa fayilo ya JPEG siingathe kukhala ndi malo oonekera mkati, kotero paliponse pamene palibe chojambula pamadzazidwa ndi zoyera. Mufunika PNG imene kumbuyo kwake kunachotsedwa, kapena SVG. Mukaipeza koma bokosi loyera n'kumaonekabe, onani ngati Background yachongedwa pa Item Properties ndipo muichotse.

SVG ndiyo yabwino koposa, poti imasunga mizere osati timadontho, ndiye imatuluka yakuthwa pa A4 ngakhale pa A0. Koma ili ndi misampha yake iwiri. Ngati mawu a mu logo anasungidwa ngati zilembo wamba, kompyuta imene ilibe mtundu wa zilembo umenewo imaikapo wina, ndipo logo imasintha maonekedwe komanso nthawi zina imasefukira m'bokosi. Mu Inkscape, pulogalamu yokonzera mafayilo a SVG, mumakonza zimenezi posankha mawuwo n'kudina Path kenako Object to Path. Msampha wachiwiri ndi wakuti QGIS siiwerenga zokongoletsa zonse za SVG, makamaka mithunzi ndi zophimbira, choncho logo yokhala ndi zambiri zotere ndi bwino kuitulutsa ngati PNG yaikulu kuchokera mu Inkscape momwemo. Ena amachotsa zoyera za JPEG posankha Multiply pa Blending mode. Zimathekadi, koma mitundu ya logo imasakanikirana ndi ya pansi pake, ndipo QGIS imachenjeza kuti pepalalo liyenera kutuluka ngati chithunzi osati mizere, zomwe zimalemeretsa PDF. Ine njira imeneyi ndimaiona ngati yongopulumukira tsiku limene palibe fayilo ina.

A Mkonzi, tikukonza mapu a dziko lonse osonyeza zipatala zimene tikugwira nazo ntchito. Mabungwe otithandiza ndi anayi ndipo lililonse likufuna logo yake ioneke. Abwana akuti tiziike zikuluzikulu panyanja popeza pali malo ambiri opanda kanthu. Ine sindikugwirizana nazo koma ndikusowa poyambira. Mayi wa ku Lilongwe

Mayi, inu mukulondola, ndipo poyambira ndi apa: panyanja si popanda kanthu. Likoma ndi limodzi mwa maboma 28 a dziko lino, lili ndi chipatala ndi anthu ake, ndipo limodzi ndi Chizumulu lili chakum'mawa kwa nyanja, pamalo enieni amene anthu amakonda kuponyapo logo kapena muvi wosonyeza kumpoto. Mapu a zipatala amene aphimba boma lathunthu ndi logo anena bodza, ngakhale wowakonzayo sanafune kutero. Komanso nyanjayo ndi imene imathandiza munthu wowerenga kuzindikira msanga kuti Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi zili pati.

Maganizo anga ndi akuti logo isalowe m'bokosi la mapu pokhapokha ngati palibiretu kuchitira mwina. Chilichonse chimene chili mkati mwa bokosilo munthu amachiwerenga ngati chinthu chimene chili pamalo amenewo padziko. Njira yoyera ndi kusiya mzere wa mamilimita 20 kapena 25 kumunsi kwa pepala la A4, kunja kwa mapu, n'kundandalika malogo onse mmenemo pamodzi ndi tsiku limene mapu anakonzedwa komanso kumene deta inachokera.

Ngati abwana akana kuchepetsa mapu, maonekedwe a dziko lathu amakuthandizani. Malawi ndi wautali koma wowonda, ndipo amapendekeka, Chitipa ali chakumadzulo pamene Mulanje ndi Nsanje ali chakum'mawa. Pa pepala loimirira pamatsala mipata iwiri ikuluikulu, wina kumanja kumtunda, mbali ya Tanzania, ndipo wina kumanzere kumunsi, mbali ya chigawo cha Tete ku Mozambique. Kiyi imakhala bwino mu umodzi ndipo malogo mu winawo, malinga ngati mayiko oyandikanawo sakusonyeza kanthu kofunika pa mapu anuwo.

Pa za kukula, funsani bungwe lililonse ngati lili ndi malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka logo yake, chifukwa ambiri ali nawo ndipo amakhala mbali ya mgwirizano umene munasayina. Mwachitsanzo, European Union imafuna kuti chizindikiro chake chioneke mosachepera malogo ena amene chili nawo pamodzi, komanso kuti chisasinthidwe kapena kuphatikizidwa ndi zojambula zina. Njira yosayambitsa madandaulo ndi kupatsa malogo onse msinkhu wofanana, mwachitsanzo mamilimita 15, m'lifupi mwake muzisiyana monga mmene analengedwera. Lembani 15 pa Height ya lililonse, musankhe onse anayi pamodzi, mudine Align Center Vertical kuti akhale pamzere umodzi, kenako Distribute Horizontal Spacing Equally kuti mipata ya pakati ifanane. Apa pokha ndi pamene maso ali ndi ntchito, chifukwa logo yaitali chopingasa imaoneka yaikulu kuposa yozungulira ngakhale misinkhu ili yofanana, ndiye mutha kuichepetsa pang'ono. Mukakhutira, aphatikizeni ndi Group kuti azisuntha ngati chinthu chimodzi.

Chinthu chimodzi chimene sichiyenera kuchotsedwa pofuna malo a malogo ndi mawu osonyeza mwini deta. Ngati misewu ndi mitsinje mwazitenga ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti, chiphaso chake chimafuna kuti mutchule OpenStreetMap pa mapuwo. Auzeni abwana kuti mzere waung'ono umenewu ndi lamulo la eni deta, pamene kukula kwa logo ndi nkhani yokambirana.

Ndikukonza mapu a boma lililonse pogwiritsa ntchito Atlas, chida cha mu QGIS chimene chimatulutsa chokha tsamba limodzi pa boma lililonse. Kodi n'zotheka kuti logo izisintha yokha pa tsamba lililonse? Bambo wa ku Zomba

N'zotheka, bambo. Sungani malogo onse mu foda imodzi pafupi ndi pulojekiti, lililonse likhale ndi dzina lofanana ndendende ndi dzina la boma monga lalembedwera mu tebulo ya deta yanu. Kenako pa kabatani ka Data defined override ka pambali pa njira ya chithunzi lembani kuti @project_folder || '/malogo/' || "boma" || '.png', kusintha mawu akuti boma ndi dzina lenileni la mzati wa mu tebulo yanu. Samalani ndi mayina ngati Nkhata Bay, poti mpata wa pakati pa mawu awiriwo ukasowa pa dzina la fayilo, tsamba limenelo lituluka ndi mtanda wofiira.

Pa ntchito imeneyi musasankhe Zoom and resize frame imene ndalimbikitsa poyamba paja, chifukwa malogo osiyana maonekedwe azisintha bokosi pa tsamba lililonse. Sankhani Zoom, bokosi likhale lokhazikika, ndipo Placement iloze kungodya kumene mukufuna. Logo ikhale kunja kwa mapu, popeza malo amene ndi opanda kanthu pa tsamba la Ntchisi akhoza kukhala odzaza pa tsamba la Mzimba.

Gulu lathu la achinyamata lajambula malire a mudzi ndi GPS. Kodi tingaike chizindikiro cha boma pa mapuwa kuti anthu awalemekeze? Mlembi wa gulu, Machinga

Musatero popanda chilolezo cholembedwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina, lotchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act, ndipo chizindikiro cha boma ndi chimodzi mwa zotetezedwazo. Kupatula lamulolo, logo pa mapu imauza wowerenga kuti mwini logoyo ndi amene akuyankha pa zimene zajambulidwa. Nkhani za malire zimafika mpaka kwa mfumu ndi kukhoti, ndipo pepala lokhala ndi chizindikiro cha boma likhoza kutengedwa ngati umboni pamene linapangidwa ndi GPS ya m'manja, imene imatha kuphonya ndi mamita angapo. Ntchito yovomereza mapu a malire ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za kuyeza malo. Ikani dzina kapena logo ya gulu lanu, tsiku limene munayeza ndi chida chimene munagwiritsa ntchito, ndipo mulembe poonekera kuti malirewo sanatsimikizidwe ndi boma.

A Mkonzi, pa PDF logo imaoneka yonse, koma kumalo osindikizira imatuluka yodukira m'mphepete. Atandiuza kuti asankha Fit to page, logo inakwana. Kodi ndizingotero? Mphunzitsi wa ku Mulanje

Aphunzitsi, maprinta ambiri a m'maofesi ndi m'malo ochitira fotokope sasindikiza kufika kumapeto kwenikweni kwa pepala, amasiya mamilimita pafupifupi 4 kapena 5 mbali zonse. Chilichonse chimene chili m'kati mwa mpata umenewo chimaduka, ndipo poti logo imakonda kukhala pangodya, imadukira mbali ziwiri. N'chifukwa chake m'mayankho onsewa ndakhala ndikusiya mamilimita 10.

Fit to page imapulumutsa logo koma imawononga chinthu chofunika kuposa logoyo. Imachepetsa pepala lonse pang'ono kuti likwane, motero ngati munalemba kuti sikelo ndi 1:50,000, mawuwo sakhalanso oona, ndipo wophunzira amene ayeza ndi rula n'kuwerengetsera mtunda apeza yankho lolakwika. Sikelo yojambula ngati kamzere imachepa limodzi ndi mapu, choncho iyo imakhalabe yolondola, ndipo ndi bwino kuti izikhalapo nthawi zonse. Kusiyanaku kumakula kwambiri pepala likasintha mtundu, chifukwa A3 ikatsitsidwa kupita pa A4 zonse zimachepa kufika pa 71 peresenti, ndipo logo ya mamilimita 15 imatsala ndi pafupifupi 10 ndi theka, zilembo zake zing'onozing'ono osawerengekanso.

Bwererani mu QGIS, musunthe logo ndi zina zonse kuti zikhale mamilimita 10 kuchokera m'mphepete, mutulutsenso PDF pa kukula kwa pepala limene mukasindikizepo, ndipo mukawauze osindikizawo kuti asankhe Actual size kapena 100 peresenti. Musanalipire makope a kalasi yonse, sindikizani limodzi n'kuyeza kamzere ka sikelo ndi rula. Pa 1:50,000, kilomita imodzi iyenera kukhala masentimita 2.